Chaka Chimene Amuna Anga Anasunga Zala

Anthu kwathu kuno chaka chimenechi amachikumbukira ndi ng'amba. Ine ndimachikumbukira ndi zala za amuna anga. Ndikatero anzanga amaseka, nanenso ndimaseka nawo, koma nthawi imeneyo kunalibe choseketsa.

Ndine Lonesi. Mudzi wathu uli chakumtunda kwa Lizulu, kumene msewu waukulu ndiwo malire: mbali ino Malawi, ukaoloka tala uli ku Mozambiki. Amuna anga, bambo a Mphatso, dzina lawo ndi Fanuelo, kwawo ku Manjawira. Anabwera kuno chikamwini, kudzakhala kwa ine ndi kulima minda imene mayi anga anandisiyira. Mindayo inali iwiri. Wina ndi kamunda ka miyala kuseri kwa nyumba, kongotipatsa chimanga chootcha. Umene unkatidyetsa ndi wa kumunsi, wa dothi lakuda, umene mayi analima mpaka chaka chimene anamwalira. Malo onsewa ndi a mbumba yathu, ndipo ogawa ndi a malume, a Zakeyu. Lamulo lawo aliyense amalidziwa: ukalephera kulima, amapatsa wina amene angathe.

Okutobala

Nkhokwe inatha tisanamalize kugalauza, chifukwa chaka cham'mbuyo tinakolola mochepa. Pamsika mtengo wa chimanga sunkagona. Ukapita Lachitatu ndi ndalama imene unamva Loweruka, unkabwerako ndi chigoba chosadzaza.

Amuna onse m'mudzi anali ndi nkhani imodzi yokha, yochoka. Ya ku Mozambiki sitinkaiwerengera n'komwe. Dziko lakunja lanji limene timapitako titavala mapatapata kukagula tomato? Ukafuna kulowa mkati umangotenga bodapasi, koma malipiro a ganyu wa kumeneko ndi chakudya cha tsiku lomwelo. Ena ankakwera basi ya ku Joni. Pa boda amakudindira masiku ochepa a mlendo, akatha umalowa m'minda ya mphesa n'kumabisala, kuopa kugwidwa n'kubwezedwa ndi malaya okhawo amene wavala. Bambo a Mphatso pasipoti anali nayo, anapangitsa ndi maganizo amenewo tisanakwatirane, koma ya ku Joniyo ine ndinakanitsitsa. M'mudzi muno muli akazi angapo amene sadziwa ngati ali pabanja kapena ndi amasiye.

Kenako kunamveka za viza. Akuti kuli dziko lakutali, lokwerera ndege, kumene akufuna anthu othyola zipatso ndi kusamala ndiwo zamasamba. Viza yake ndi ya nyengo imodzi: ntchito ikatha umabwerako, ukagwira bwino amakuitananso. M'mafoni munkayenda nkhani zambirimbiri, zina zabodza zoonekeratu, munthu wosamuona nkhope akuti tumizani ndalama lero, ndege mawa. Mnyamata wina wa kutsidya kwa mtsinje anagulitsa njinga yake ya kabaza, ndegeyo mpaka lero akuidikirabe. Koma panali ajenti wina wa ofesi yeniyeni, amene anabwera ku Boma kudzalemba anthu dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona.

"Mayi a Mphatso, iyi ndi yoona," anatero amuna anga atabwerako. "Ndiponso ntchito yake ndi ya kumunda. Ine china chimene ndimadziwa n'chiyani?"

"Nanga munda uno?"

"Tidzala limodzi, tipalira limodzi, tibandira limodzi. Ndege ndi ya pambuyo pokolola."

Ndinavomera, ndipo sindinama, ndinavomera ndi mtima wonse.

Novembala

Mvula inatiyesa kawiri, kungonunkhiritsa fumbi n'kupita. Inabwera yeniyeni kumapeto kwa mwezi, tinadzala minda yonse iwiri. Mbewu ya kachewere imene tinasungira kudimba tinagulitsa, kuti papezeke thiransipoti ndi zolipira poyezetsa amuna anga m'thupi. Anawayeza chifuwa, magazi, maso, zonse zinali bwino.

Koma munthu amene ndinkalima naye sanalinso yemwe uja. Khasu lili m'manja, khutu lili ku foni. Akalima mizere iwiri ankathamangira pa chulu kukasaka netiweki, n'kubwerako ali gwa, palibe uthenga. Nanenso matendawo anandipatsira. Ndege ikadutsa m'mwamba ndinkaimika khasu n'kuiyang'ana mpaka italowa m'mitambo, ngati ikanditengera ineyo.

Disembala

Chimanga chitafika m'mawondo, amuna anga anaitanidwa ku Lilongwe kukajambulitsa nkhope ndi kudinda zala. Anachoka atavala malaya a ku tchalitchi. Anabwerako madzulo, n'kukhala pakhonde osavula nsapato.

"Zayenda bwanji?"

"Makina akana."

"Akana chiyani? Inuyo?"

"Zala. Akuti zilibe mizere."

Ndinawagwira dzanja n'kuyang'anitsitsa. Zoonadi, nsonga za zala zawo zinali zosalala ngati mpini wakale, mwina mong'alukang'aluka. Khasu chiyambire ubwana, feteleza wothira ndi manja, kufukula kachewere m'dothi lozizira, zonsezi zinafufuta timizere tija timene makinawo amawerenga. Anati mayi wa pa makinapo anayesa kambirimbiri, kuwapukuta, kuwauza kuti auzire mpweya, kudinikiza, koma pagalasipo pankangotuluka chimtambo chakuda. Pomaliza anawalangiza mwachifundo kuti apumitse manja kwa mwezi wathunthu, osagwira khasu, feteleza kapena sopo wa ufa, azidzola mafuta m'mawa ndi madzulo, timizereto timamera.

"Ndiye kuti akufuna mlimi, koma wa zala za kalaliki?" ndinatero.

Sanaseke. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kumunsi, kumene udzu unali utayamba kale kupikisana ndi chimanga. Tonse tinkadziwa kuti mwezi umene akunenawo ndi mwezi wopalira.

"Mwezi umodzi wokha," ndinatero. "Ndilimba."

Pakamwa pangapa pandipweteketsa kambiri, koma tsiku limenelo panaposa.

Januwale

Mvula inadula chaka chitangoyamba. Kumwamba kunayera mbee, chimanga chinapota masamba, koma khovani ndi chisoso zinkangokula ngati pali amene akuzithirira. Ufa unatha. M'mawa ndinkaoloka msewu kukagwira ganyu ku Mozambiki, kupalira minda ya eni ake kuti andipatse madeya kapena kambale ka chimanga. Ndikabwerako dzuwa litapendeka ndi pamene ndinkalowa m'munda mwanga. Tinkadya kamodzi, madzulo, phala la madeya ndi nkhwani wopanda tomato.

Bambo a Mphatso ankatsala pakhomo ndi ana. Mphatso anali atangoyamba sukulu, mlongo wake anali wa kubere. Ankamubereka mwanayo ndi chitenje changa, kusesa atakulunga manja m'nsanza, kutunga madzi mobisala akazi atachoka pa mjigo. Pogona ankadzola mafuta n'kuvala masokosi m'manja. Ndinkati ndikawaona ali chikhalire pamthunzi akutembenuza zala padzuwa, kufufuza ngati timizere tamera, mtima unkandinyamuka. Tsiku lina ndinawaponyera chipande. Ndinkadziwa kuti si ulesi, komabe ndinkapsa mtima. Munthu wa njala salongosola bwino zinthu.

M'mudzi nkhani inawanda. Mkamwini ulemu wake ndi khasu, ndiye uyu wakhala manja lende mu Januwale, akunyezimira mafuta! Anyamata anayamba kuwatchula kuti a Pailoti. Akazi ku mjigo ankandifunsa ngati ndapeza wantchito wolera ana. Ndinkawayankha zoti sindingazilembe pano.

Amene sankaseka ndi Esinati, mchemwali wanga, mwana wa mayi aang'ono. Iyeyu amuna ake anakana maulendo onsewa, ndipo ali ndi anyamata atatu akuluakulu odya ngati dzombe, pa kamunda kosakwanira. Ankati akadutsa pa munda wa kumunsi amayenda pang'onopang'ono. Sindikumunena kuti ndi woipa. Ndi iye yemwe amene anandibweretsera mbale ya ufa woyera mwana atatsegula m'mimba. Koma maso ake ndinkawaona.

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi a malume anafika. A Zakeyu ndi munthu wamfupi, wanthabwala, wogulitsa anyezi pa Lizulu, ndipo milandu amadana nayo. Bambo a Mphatso ankawakonda kwambiri. A malumewo anawapempha kuti aone manjawo, n'kuwasisita, n'kupukusa mutu.

"Akamwini, dziko latembenuka. Ife popita ku migodi ankatigwira m'manja. Akapeza ofewa chonchi, bwerera kwanu ukayamwe."

Tinaseka pang'ono. Kenako anatembenukira kwa ine, nthabwala zitatha.

"Lonesi, ndadzera kumunsi. Chimanga chija chikumira. Abale ako akundivutitsa, ndipo sakulakwa. Febuluwale akafika pakati usanabandire, ndipereka kwa Esinati, munda ndi chimanga chomwe. Chaka ngati chino sindingaonerere chakudya chikufera m'tchire."

"A malume, ndi munda wa mayi anga."

"Ndi mlongo wanga amene ukunenayo, mwana iwe. Iyeyo akanalola udzu umenewu?"

Ndinangoti amuna anga akabwerako ku Lilongwe tibandira tonse, masiku akwana.

Bambo a Mphatso anapita ku Lilongweko kumapeto kwa mwezi. Zala zina makina anawerenga, koma zazikulu ndi zolozera anakananso. Anawauza kuti abwerenso kumayambiriro kwa Malichi, ndipo ajenti ananeneratu kuti ulendo umenewo ndi womaliza, akalephera malo awo apatsa wina.

Febuluwale

Mwezi umenewu sindifuna kuukumbuka, koma ndi umene sundichoka. Ganyu anasowa, chifukwa ofuna ganyu tinachuluka kuposa minda. Madeya amene kale tinkapatsa nkhumba anayamba kuyezedwa pa mbale ngati shuga. Kunamveka kuti kukubwera chimanga chothandiza anthu, tinakakhala padzuwa tsiku lonse pa bwalo la sukulu, galimoto osaoneka. Kunamvekanso kuti dziko la viza lija latseka zitseko, mawa lake kuti ayi, latsegula, likufuna anthu ambiri. Ena amene analembetsa limodzi ndi amuna anga anatopa nazo n'kukwera basi ya ku Joni. Tulo sindinkaliona. Ndikakhala pansi ndinkafuna kuimirira, ndikaimirira sindinkadziwa kolowera.

Mvula inabwerera, ndipo inabwera ndi mbozi zolowa mu nsonga ya chimanga. Anzathu ankazitola ndi zala n'kuthiramo dothi. Ine ndinkabandira ndekha, mizere ingapo pa tsiku, ndikacheuka kumbuyo udzu wameranso pamene ndinayambira. Mkaka unayamba kuuma. Tsiku lina ndikukweza khasu ndinangoona mdima. Ndinatsitsimuka ndili pakhonde pathu, anyamata a Esinati atandinyamula, amuna anga akundipatsa madzi a mchere ndi shuga.

M'mawa mwake ndinadzuka mochedwa. Mwana anali gone pamphasa, Mphatso ali kusukulu, bambo ake palibe. Ndinayang'ana kuseri kwa chitseko, khasu lawo palibenso.

Sindikudziwa mphamvu ndinazitenga kuti. Ndinamuponya mwana kumbuyo n'kutsetsereka njira ya kumunsi, ndikugwira mitengo. Ndinawapeza atavula malaya, akubandira ngati munthu wolusa, dothi likuuluka. Miyezi iwiri yonse ndinkalakalaka kuona zimenezi. Koma nditaziona, ndinangoganiza za zala zija. Kunali kutatsala sabata imodzi kuti apite ku Lilongwe.

"Siyani khasulo."

Sanacheuke.

"Bambo a Mphatso, ndati siyani!"

"Ndatopa, mayi a Mphatso. Dzulo akunyamulani ana a eni ake ine ndili pakhomo ndi mafuta m'manja. Ndine mwamuna wanji? Viza ipite. Munda wa amayi anu usapite chifukwa cha ine."

Ndinawalumphira n'kugwira mpini. Tinalimbirana, mwana akulira kumbuyo, mpaka anausiya poopa kundigwetsa.

"Ana anga adya madeya miyezi iwiri chifukwa cha zala zimenezo!" ndinakuwa. "Kachewere tinagulitsa chifukwa cha zala zimenezo. Anthu anditukwana pa mjigo. Lero mukufuna muzifufute m'mawa umodzi? Ndiye njala yonseyi ikhale ya chiyani? Sizanu nokha zala zimenezo, mwamva?"

Ndinawatambasula manja. Pachikhatho panali patatuluka kale matuza, koma nsonga za zala zinali bwino, timizere tikuoneka tating'onoting'ono ngati ta mwana. Ndinayang'ana munda. Ngakhale tikanagwira awiri, anjala chonchi, mwina tikanapulumutsa theka. Mwina. Ndinasenza makasu onse awiri ndekha, iwo akunditsatira m'mbuyo akulira mosatulutsa mawu.

Tsiku limene a malume ananena linali litadutsa kale, ndipo iwo ankangozengereza, kundimvera chisoni. Sindinadikire kuti abwere. Madzulo omwewo ndinapita ndekha, n'kugwada pakhomo pawo.

"A malume, mupatseni Esinati. Auyambe mawa, chimanga chisanafe."

Anandifunsa:

"Ukudziwa kuti mundawo ukapita wapita?"

"Ndikudziwa."

Malichi

Makina anavomera zala zonse. Bambo a Mphatso anaimba foni ali pakhomo pa ofesi pomwepo. Ine ndinangoti chabwino, mugule mchere pobwera. Chimwemwe chinakana kubwera, ndinali nditatopa kwambiri.

Anyamata a Esinati anabandira munda wonse masiku owerengeka, n'kuthira kafeteleza kamene bambo awo anapeza. Mvula inagwa bwino mwezi umenewo. Chimanga chija, chimene ndinadzala ndi manja angawa, chinadzuka n'kuda bii, n'kubereka. Ndinasintha njira yopita kudimba kuti ndisamachione.

Amuna anga anabwerera ku khasu pa kamunda ka miyala, koma panalibenso choti n'kupulumutsa. Manja awo anatupa matuza ngati a mwana wasukulu wa m'tauni. Tinayamba kukazinga chimanga chachiwisi n'kusinja chitibu, kudyeratu zokolola zisanaume. Ndipo kudikira kunayambiranso: viza ituluka, situluka? Foni ikalira tonse tinkadumpha, kupeza ndi uthenga wotsatsa mayunitsi.

Meyi

Zokolola zathu zonse tinazituta pa njinga ulendo umodzi. Kumunsi kunkamveka ngolo, ikupita ikubwera, kutsitsa pakhomo pa Esinati.

Viza inatuluka sabata yomweyo. Anthu aja ankati a Pailoti anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzafunsa kuti kodi ajentiyo amapezeka kuti, nanga mafuta ake ndi ati. Amuna anga tinawaperekeza pa Lizulu m'mawa kukuzizira, pakati pa matumba a kachewere ndi madengu a kabichi. Anamunyamula Mphatso, anamupsompsona wakhandayo, kwa ine anangoti, "Mulimbe, mayi a Mphatso." Ndinati, "Ndinalimba kale, kwerani." Minibasi itanyamuka ndinakhala pa mwala m'mbali mwa msewu mpaka dzuwa litakwera.

Julayi

Kunena zoona, ulendowo unatipindulira. Panopa apitako kawiri, nyumba ndi ya malata, ana amadya katatu. Anthu amati tinachita mwayi, ndipo sinditsutsa.

Ndalama yoyamba inalowa pa foni m'mwezi wa chisanu umenewu, thumba lathu lomaliza litatsala pang'ono kutha. Ndisanagule chilichonse ndinapita kwa a malume, nditanyamula shuga ndi buledi. Anandilandira bwino, anafunsa za akamwini awo, anaseka nditawauza kuti kumeneko saloledwa kugwira ntchito osavala magolovesi. Kenako ndinanena chimene ndinabwerera.

"Tsopano ndingathe kulemba aganyu, a malume. Munda uja ndingaulime wonse."

Anakanda m'mutu, n'kuyang'ana pansi.

"Lonesi, anthu amene anaupulumutsa ndiwachotse bwanji? Ayamba kale kusosa. Pakapezeka pena ndidzakuganizira."

Pena pamenepo mpaka lero sipanapezeke.

Chakudya chinkafunikabe. Pamsika chimanga chinali chochokera kutali, chofumbwa, ndipo aliyense anandiuza zomwezomwezo: chabwino, chouma bwino, akugulitsa ndi Esinati. Ndinazungulira masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinatenga matumba n'kupita.

Anandilandira ngati mlendo wolemekezeka, kundiyalira mphasa, kutuma mwana kuti andiphikire tiyi. Anatulutsa chimangacho n'kuyamba kuyeza pa ndowa, iye akuthira, ine ndagwira kukamwa kwa thumba. Sitinatchule kumene chinachokera. Tinkakamba za chisanu, za maliro a kutsidya, za mtengo wa sopo. Anayeza mwachilungamo, ndowa iliyonse yodzaza mpaka kusefukira, ndipo mtengo anandichotserako. Ndinalipira, anawerenga, anathokoza.

Ndikumanga thumba lomaliza anati, "Dikirani, achemwali." Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chigoba chodzaza, n'kukhuthulira m'thumba mwanga.

"Ka basela aka. Mukaphikire ana phala."

Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza monga mwa mwambo. Ndinayenda bwinobwino mpaka kuseri kwa nkhokwe yake, pamene sakanandiona. Njala yonse ija sindinagwetse msozi, ngakhale tsiku limene ndinagwada kwa a malume. Koma pamenepo ndinatula thumba pansi, n'kulira ngati mayi amwalira tsiku lomwelo.